Mbendera Zogona

Chiperoni chatsikira pa Luchenza,
magetsi abwera anthu atagona kale,
ine ndili maso ndi kompyuta yothyoka ngodya,
ndikuboola zenera latsopano pamtima pa makina.

Anzanga amati kenelo.
Ine ndimati kalaliki wa pazenera,
kumene mapulogalamu onse amafola pamzere:
nditsegulire fayilo,
ndisinthire dzina ili,
ndibwerekeko malo ndisungepo manambala.
Pempho lililonse lili ndi fomu yake,
ndipo fomu ikangolowa m'manja mwa anthu
suyiitanitsanso kuti uyikonze.

Bambo anga, a Muhiwa, anali kalaliki weniweni,
zaka makumi awiri ndi zitatu pa sikelo ya tiyi.
Buku lawo linali la mizere itatu:
dzina, tsiku, makilo.
Chaka china kunabwera lamulo la masamba onyowa,
koma wojambula bukulo sanasiye mpata
ngakhale wokwana chala chaching'ono.
Anasindikiza buku lachiwiri.
Kenako lachitatu, la masamba okhwima.
Bambo ankakwera nawo onse atatu m'khwapa,
mpaka lero phewa lakumanzere silinawongoke.

Muno m'kenelo namonso ndawapeza mabuku otero,
mapempho a dzina limodzi,
uyu wachiwiri, uyu wachitatu, uyo wachinayi,
ngati ana otchulidwa dzina la malemu mmodzi,
onse obadwa chifukwa woyambayo analibe thumba.

Ndiye langali ndalisokera thumba kumapeto.
Nambala imodzi yokha,
m'kati mwake timbendera makumi atatu ndi tiwiri.
Usiku uno ndadzutsa kamodzi:
ukapeza dzinalo lili ndi mwini, usafufute.
Tinato tagona chafufumimba, ziro, ziro, ziro.

Feliya Namacha wandiimbira ali ku Chitakale,
mawu ake akuduka ngati ulusi wa kaunjika.
Akuti, nanga wina akakweza mbendera yosaidziwa?
Ndati ndingoyang'ana kumbali, ivulaza ndani.
Waseka mpaka kutsamwa.
Akuti, Esinala, unaiwala puloti ya amalume ako ku Thuchila?
Anaisiya yopanda mpanda, ati ndidzamanga ndikapuma ntchito.
Wina anadzalamo nandolo, sanayankhule.
Wina anadutsitsamo njira ya kuchigayo, sanayankhule.
Tsiku lobweretsa njerwa
mudzi wonse unati malowa timadyapo kuyambira kale.

Ndazimva.
Pulogalamu yaulesi idzatumiza zinyalala m'thumbamo,
ine n'kulandira mwaulemu,
ndipo zaka khumi zikubwerazo
wina akadzafuna kupatsa kambendera kachisanu tanthauzo,
adzapeza mwamera kale nandolo wa eni ake.

Mizere iwiri basi ndawonjezera.
Chimene sindikuchidziwa ndichibweze pomwepo,
ndi nambala makumi awiri ndi ziwiri,
kukana kopanda mwano:
pepani, izi kuno sitinayambe kuzimva.

Zenera lakale sindinalitseke ayi.
Pali sikelo ina ku kopaletivi ya alimi
imene imapemphabe m'chinenero cha dzana,
woilemba anapita ku Joni, foni yake siipezeka.
Nayonso idzuke mawa ipeze kalaliki ali pompo.

Kwayamba kuyera.
Phiri likadali m'bulangete lake,
othyola tiyi akudutsa kuseri, madengu kumsana,
mapulasitiki m'chiuno akulira khwaa, khwaa.
Bambo atsokomola kuchipinda,
afunsa ngati ndagonako.

Ndikuyesa komaliza.
Ndakweza dala kambendera kabodza,
makina andikanira pamaso.
Sindinasangalalepo chotere ndi kukanidwa.

Atuluka atafunda jekete la ku esiteti,
asuzumira pagalasi, maso atsinzinira,
aloza maziro aja ndi chikhadabo.
Apa bwanji sunalembepo kanthu?
Ndati mpa anthu ena, bambo, sanabwere.
Akhala chete, asisita phewa lija,
kenako apita kukayatsa mbaula.